Galimoto Yatsopano ya a Kanyerere

Eveless Samuti anamwalira ali pa ulendo wa kuchipatala, mutu wake uli pamiyendo ya mnzake Alesi. Pamene Insipekitala Consolata Chikuse ankafika pamalo angoziwo, m'mphepete mwa msewu wina ku Area 43, chifunga cha mwezi wa Juni chinali chikubalalika. Pansi panali jumbo yong'ambika, mbatata zophika zitamwazika m'fumbi, ndi magazi omwe nyerere zinali zitawapeza kale.

Sajeni Jobu anali atabwera naye Alesi kuchokera kuchipatala kuti adzaloze pamene zinachitikira. Chitenje cha mayiyo chinali ndi madontho ofiira.

"Ife timayenda tonse tsiku ndi tsiku, mayi," anatero Alesi. "Kuchokera ku Kauma mpaka kuno. Iye amakhotera pageti ya buluu iyo, ndi kumene amagwira ntchito, ine n'kupitirira. Lero ndinatsalira pang'ono kuti ndimange chitenje. Pang'ono pokha, mayi. Ndiye ndingomva kuti phuu!"

"Galimotoyo munaiona?"

"Ndi maso angawa. Yoyera mbee, yaikulu, yatsopano. Yosalira n'komwe. Ikanakhala yolira bwenzi titaimva ikubwera. Magalasi ake akuda bii. Kutsogolo kwake kuli chichitsulo chonyezimira, chokhala ngati nyanga za ng'ombe."

"Inaima?"

"Inaima apo, pamtengo uwo. Galasi linatsika pang'ono, mpata wongokwana dzanja. Ndinamva nyimbo m'katimo, kwaya ya azimayi, nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinakuwa kuti tithandizeni, tithandizeni! Galasi lija linangokweranso. Basi, yapita."

"Nambala yake simunaione?"

"Ine ndinkayang'ana mnzanga, mayi."

Foni ya Jobu inalira. Anamvetsera kanthawi, kenako anayang'ana Consolata modabwa.

"Madamu, kupolisi kwafika munthu. Akuti ndi iyeyo wagunda."

* * *

Munthuyo anali wamtali, wa mapewa aakulu, imvi zili apo ndi apo. Anakhala kunsonga kwa benchi atagwira chipewa ndi manja onse awiri.

"Dzina langa ndine Levison Biliati," anatero akuyang'ana khoma. "Ndine dalaivala wa a Maynard Kanyerere a ku Area 43. M'mawa uno ndimapita kukatenga mchenga pa pikapu. Chifukwa cha chifunga sindinaone bwino. Ndinagunda munthu. Ndinachita mantha, ndinathawa. Ndikupepesa."

Consolata anamupempha kuti abwereze. Levison anabwereza, mawu omwewo, mpaka popumira pomwe, ngati mwana wa Sande sukulu akunena vesi yoloweza.

Pikapuyo inali panja. Inali yoyera kale, tsopano mtundu wake unali ngati wa mkaka wa m'tiyi. Kutsogolo kwake kunalidi chitsulo, koma chakuda, chadzimbiri, ndipo akangaude anali atamanga ukonde pakona. Magalasi ake anali oonekera bwinobwino. Jobu atailiza, agalu a kuseri kwa mpanda anayamba kuuwa.

Consolata anabwerera m'kati.

"A Levison, mumamvera nyimbo yanji m'mawa uno?"

"Nyimbo, bwana? Wailesi ya mmenemo anaba kalekale."

"Munagunda mwamuna kapena mkazi?"

Levison anatembenuza chipewa chija. "Chifunga, bwana."

"Mukudziwa kuti munthuyo ali bwanji?"

"Akuti wangothyoka mwendo."

"Akutero ndani?"

Levison anayang'ananso khoma. Consolata anaganiza zomuuza zoona pomwepo, koma anadziletsa. Munthu ameneyu anali atatumidwa, ndipo ankafuna adziwe kaye amene anamutumayo.

"Panyumba pa abwana anu pali galimoto ina yoyera?"

Chipewa chija chinagwa pansi.

* * *

Nyumba ya a Kanyerere inali kuseri kwa mpanda wautali wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. A Maynard Kanyerere, mwini kampani yomanga misewu yomwe maofesi ake anali ku City Centre, anawalandira pakhonde. Anali munthu wozolowera kuti akamayankhula ena amakhala chete.

"Zomvetsa chisoni kwambiri, Insipekitala. Ine ndinagona ku Salima, kumsonkhano wa akatswiri. Ndabwera m'mawa uno pa galimoto ya mnzanga, mukhoza kumufunsa, mukhoza kufunsanso kuhotela. Ndafika kuno ndapeza Levison akulira. Ndamuuza kuti mwamuna amakadzipereka yekha. Loya ndimupezera ine."

"Tingaone galimoto zanu zina?"

"Za chiyani? Wolakwa muli naye kale."

"Ndi ntchito chabe, bwana."

M'galaja munali galimoto yaikulu yoyera, yamagalasi akuda, matayala ake akununkhirabe kufakitale. Pansi panali ponyowa. Kutsogolo kwake kunalibe chitsulo, kunalibenso pokalika ngakhale pamodzi. Consolata anagwada n'kusuzumira kunsi. Anaona timanja tiwiri tachitsulo totulukira kutsogolo, mabowo ake ali pululu, m'mbali mwake muli mizere yowala pamene sipanala inkaterereka.

"Apa panali chiyani?"

"Palibe. Zimabwera choncho. Galimoto iyi sinakhalepo ndi chitsulo kutsogolo. Ndinachikana ndekha, chimaipitsa galimoto."

"Amaiyendetsa ndani?"

"Ine. Mayi mwa apo ndi apo, koma amaiopa kukula kwake."

Pomwepo pakhomo la kukhitchini panatulukira mayi wamfupi, wovala juzi pamwamba pa chitenje, atanyamula tiyi pa thireyi. Makapu ankagundana okha.

"Mkazi wanga Fiona. Sakupeza bwino lero, BP yakwera. Fiona, kagone."

"Muli ndi ana, mayi?" anafunsa Consolata.

"Mmodzi," anayankha ndi a Kanyerere. "Jordan. Ali ku Chipata kwa amalume ake, anapita sabata yatha."

Mayi Kanyerere anaika thireyi pamwamba pa fuliji yakale yomwe inali m'galajamo n'kubwerera m'nyumba. Potuluka, Consolata anawerenga dzina la ogulitsa galimotoyo pa kachikwangwani komata pagalasi lakumbuyo.

* * *

Malo ogulitsira magalimotowo anali ku Old Town, kufupi ndi mlatho. Kunja kunali phokoso la maminibasi ndi akabaza, m'kati muli zii, kukuzizira. Amene anagulitsa galimoto kwa a Kanyerere anali Shabir, mwamuna wonenepa wa ndevu zometa bwino, wobadwira mu Lilongwe momwemo. Chichewa chake chinali chothamanga ngati cha wogulitsa mumsika.

"A Kanyerere? Aa, ndingawaiwale bwanji? Onani, madamu, galimoto ngati imeneyo sitisunga pano. Kasitomala amabwera, akhale pampando uwo, asankhe zomwe akufuna kuti tiwonjezere pa galimoto yake, ife n'kuitanitsa kunja. Ena amasankha msanga. Ena amabwera ndi banja lonse, ndiye pamakhala nkhondo. A Kanyerere anabwera atatu: iwo, madamu awo ndi mnyamata wawo."

"Anasankha chiyani?"

"Nenani kuti anasankha ndani. Bwana okha! Magalasi akuda, eya. Matayala aakulu, eya. Mipando yachikopa, eya. Yoliza ndi batani, yopanda pobaya kiyi, eya. Mnyamata uja anati, adadi, tiikemo masipika amphamvu. Bwana akuti ukadzagula yako. Ine ndinawauza za kamera ya kutsogolo, yojambula msewu mukamayenda. Ndinati bwana, iyi imathandiza pa ngozi. Akuti sindifuna kazitape m'galimoto mwanga."

"Nanga chitsulo chakutsogolo?"

"Chimenecho ndiye chinali choyamba! Chonyezimira, chachikulu kuposa zonse zomwe tili nazo. Tinachimanga konkuno galimoto itafika, ine ndikuona."

Jobu anayang'ana Consolata. Consolata sanaphethire.

"Iwo akuti anachikana," anatero Consolata.

Shabir anasiya kumwetulira. Anatseka chitseko cha ofesi yake n'kutsitsa mawu.

"Amene anachikana ndi madamu awo. Anati, bambo a Jordan, kwathu kuja m'mawa anthu amadzaza msewu, alonda, antchito, ana asukulu, ndipo msewu ulibe poyenda anthu apansi. Anandifunsa ine kuti chitsulochi chikagunda munthu chimatani. Ine sindinama, madamu, ngakhale ndikugulitsa. Ndinawauza kuti kutsogolo kwa galimoto za masiku ano anakupanga kofewa dala, kuti pakachitika ngozi kuzipindika, mphamvu ina izithera pamenepo. Mukaikapo chitsulo, galimoto siimva kanthu. Zonse amalandira ndi munthuyo."

"A Kanyerere anati chiyani?"

"Anaseka. Akuti ine ndikugula choteteza galimoto yanga ku mbuzi za mumsewu wa ku Salima, osati ambulansi. Madamu anangoti chete. Pamapeto ndinawamvera chisoni, ndinati mayi, inuyo palibe chomwe mungakonde? Anaganiza nthawi yaitali. Kenako anati, ine ndine wamfupi, ndikalowa m'galimoto ya bambowa mapazi safika. Ndiye ndinawauza za mpando wokumbukira mwini wake."

"Umatani?"

"Makiyi alipo awiri. Kiyi aliyense amasunga mmene mwini wake amakhalira. Mukatsegula chitseko muli ndi kiyi wa madamu, mpando umayenda wokha kupita kutsogolo, n'kukwera m'mwamba. Ndi wa bwana, umabwerera m'mbuyo. Bwana anati n'zachibwana, koma analola. Pa galimoto yonse ija, chimenecho chokha ndiye cha madamu." Shabir anapukuta thukuta ngakhale munkazizira. "Kodi chachitika n'chiyani?"

"Mwana wawo uja mumamudziwa bwino? Akuti ali ku Chipata."

"Ku Chipata? Jordan? Dzulo lomweli madzulo ndamuona akudya tchipisi tsidya la msewu apo. Amakhala kuseri kuno, ku Area 4. Anayambana ndi bambo ake."

* * *

Nyumba yake inali yakale, ya njerwa zofiira, ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Jordan ankachita lendi chipinda chakuseri. Anamupeza atakhala pa chikwama chodzaza zovala, foni ili m'manja. Anali wamtali ngati bambo ake, wa zaka za m'ma twente, maso ali ofiira.

"Ulendo wa kuti?" anafunsa Consolata.

"Shuwa, madamu, nanenso sindikudziwa. Madala andiimbira m'mawa. Akuti usayankhe kanthu, longedza, kwera basi ya ku Mchinji, uwoloke upite kwa ankolo. Ndikuti ndalakwanji? Akuti ukudziwa wekha, chigawenga iwe. Foni n'kudula. Ndaimbira masteni, mayi anga, sakuyankha. Ndalongedza, koma miyendo ikukana. Munthu ungathawe chinthu chosachidziwa?"

"Unagona kuti?"

"Momuno."

"Angakuchitire umboni ndani?"

"Ine!" Mawuwo anachokera pawindo la nyumba yaikulu. Mayi wachikulire wovala magalasi anatulutsa mutu. Anali mayi Immaculata, eni nyumba. "Inu apolisi, mwana ameneyu ndi waulesi, waphokoso, sakolopa pakhonde, koma lero musamunamizire. Kuno madzi anasiya kalekale, abwera mbandakucha wa lero. Ndamudzutsa ndekha ndi ndodo ya tsache kuti anditungire. Wadzaza madiramu anga onse mpaka dzuwa kutuluka, akung'ung'udza. Funsani aliyense wa mumpanda muno."

Consolata anatembenukira kwa Jordan. "N'chifukwa chiyani bambo ako angaganize kuti unatenga galimoto yawo?"

"Galimoto? Iii." Jordan anagwira kumutu. "Chaka chatha ndinalowa usiku n'kutenga yakale ija osapempha, ndinaigwetsera mu ngalande. Ndi chimene anandithamangitsira. Kuyambira pamenepo chilichonse chikasowa, ndi Jordan. Koma yatsopanoyo sindinaigwirepo ngakhale chiwongolero."

"Makiyi ake amakhala kuti?"

"Wina m'thumba mwa madala, samusiya ngakhale popita kubafa. Winayo ndi wa masteni, amakhala m'chikwama chawo cha m'manja, chomwe amapita nacho ku mapemphero a m'mawa."

Ananena mawu omalizawo pang'onopang'ono, kenako anaima.

"Madamu, galimotoyo yatani?"

"Nyamuka. Chikwamacho chisiye."

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene anabwerera ku Area 43. Anadzera kupolisi kukatenga Levison. Jordan anamusiya m'galimoto ya polisi kunja kwa geti. Pamene Consolata ankapatsana moni ndi a Kanyerere, Jobu anazungulira kuseri kwa nyumba ya antchito. Sanachedwe. Anatulukira akukoka chitsulo chachikulu chonyezimira, masamba owuma a nthochi akulendewera. Mbali imodzi inali yopindika pang'ono, ndipo pa bawuti ina panakodwa kansalu ka chitenje chobiriwira.

A Kanyerere anachiyang'ana, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene antchito ake amukhumudwitsa.

"Chabwino. Ndinanama, ndikuvomera. Levison anaba galimoto yatsopanoyi ine kulibe. Ndinachita manyazi kuti dzina langa limveke pa nkhani yotere, ndiye tinachotsa chitsulocho n'kunena za pikapu. Si choncho, Levison?"

"Ndi choncho, bwana," anatero Levison akuyang'ana nsapato zake.

"Anaba ndi kiyi uti?" anafunsa Consolata.

"Wa mkazi wanga. Wanga ndinali naye ku Salima, ndi uyu."

"Mayi abwere naye winayo."

Mayi Kanyerere anatuluka atagwira chikwama cha m'manja. Anapisamo n'kupereka kiyiyo osayang'ana munthu. Consolata anamupatsira Levison.

"Tiwonetseni mmene munachitira. Ilizeni, muitulutse m'galajamu."

Levison anayandikira galimotoyo ngati akuyandikira galu wa eni ake. Anayang'ana kiyi uja, kachinthu kakuda kopanda mano, n'kukatembenuza uku ndi uku. Anakoka chitseko, chinatseguka. Nthawi yomweyo mpando unayamba kulira chapansipansi n'kuyenda wokha kupita kutsogolo.

"Mayo!" Levison analumphira m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Lowani, a Levison."

Analowa movutikira, mawondo atatsamira chiwongolero, mutu ukukhudza denga. Dzanja lake linapapasa kumanja kwa chiwongolero kufuna pobaya kiyi. Linapapasa kumanzere. Anawerama kusuzumira kunsi.

"Pali batani, chitsiru iwe!" anakuwa a Kanyerere.

Levison anapeza batanilo n'kulidina. Magetsi anayaka, injini ili chete. Sankadziwa kuti ayenera kuponda buleki kaye. Anadinanso, magetsi anazima.

"Tsikani," anatero Consolata. "Galimoto iyi simunaiyendetsepo chibadwire. Tsopano mverani zomwe abwana anu sanakuuzeni. Munthu uja sanathyoke mwendo. Wamwalira. Ndi mayi wa ku Kauma, dzina lake Eveless Samuti."

Levison anatsika, mwendo umodzi, kenako winawo.

"Eveless wake uti? Mayi ake a Mwawi?"

"Mumawadziwa?"

"Nyumba yawo ndi yathu n'zoyang'anizana." Anakhala pansi pa simenti yonyowa ija. "Ndi amene anamuchengeta mkazi wanga pamene ankadwala. Mwamuna wawo anamwalira. Ana aja atsala ndi ndani?" Anakweza maso kuyang'ana a Kanyerere, koyamba tsiku lonselo. "Bwana, munati mwendo."

"Khala chete, Levison."

"Munati mwendo, bwana. Munati Jordan ndi mwana, tsogolo lake lisaonongeke, iwe ndiwe dalaivala wakale, akakudzudzula chabe n'kukumasula. Ine ndinavomera chifukwa mwanayo ndamunyamulapo pamsana."

A Kanyerere anatembenukira kwa Consolata.

"Muli ndi ana, Insipekitala? Ndinafika m'mawa, ndinapeza chitsulo chili magazi okhaokha. Ndinadziwa kuti walowanso usiku ngati chaka chatha. Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Pano wawoloka kale, simumupeza."

Consolata anakodola Jobu. Geti inatseguka, Jordan analowa.

"Sanawoloke, bwana. Ndipo pamene mayi Eveless ankagundidwa, mwana wanuyu ankatunga madzi ku Area 4. Mpanda wonse wamuona."

A Kanyerere anayang'ana Jordan, n'kuyang'ana Levison, n'kuyang'ana kiyi amene anali m'dzanja lawo.

Consolata anatenga kiyi wa mayi uja kwa Levison n'kulowa m'galimoto. Iyenso anali wamfupi, ndipo mpando uja unamukwana ngati anamuyeza. Anaponda buleki n'kudina batani. Injini inadzuka mwakachetechete. Kenako wailesi inapitiriza pamene inalekezera, pakati pa nyimbo: mawu a azimayi ambiri, akuimba mokweza za chifundo cha Mulungu.

"Zimitsani." Anali mayi Kanyerere. Anali atatseka makutu ndi manja. "Chonde, zimitsani."

Consolata anazimitsa.

"Fiona?" anatero a Kanyerere.

"Ndimapita ku mapemphero," anatero mayiwo. Sankayang'ana amuna awo, ankayang'ana Consolata. "Ndinachedwa kudzuka. Mawa kwaya yathu ikuyenera kuimba, ndiye ndimaloweza nyimboyo. Ndinawerama kuti ndiibwezere poyambira. Sindinathamange kwambiri, mayi, Mulungu akudziwa. Nditakweza maso anali ali kale patsogolo panga."

"Bwanji sunanene?" A Kanyerere anawagwira paphewa. "Fiona! Ndaima pompano m'mawa ndikutukwana mwana wathu, iwe uli apo. Bwanji sunanene?"

"Munandifunsa?" Mayiwo anachotsa dzanjalo. "Munalowa, munaona chitsulo, munakuwa kuti Jordan. Ndisanatsegule pakamwa munali mutaitana kale Levison, mutatenga kale sipanala, mutaimba kale foni. Zonse munakonza nokha, monga mwa nthawi zonse." Anacheukira kugeti kumene kunali Jordan. "Koma si chifukwa chake. Ndikanatha kukuwa. Ndinaona kuti mwapeza wolakwa, ndipo mtima wanga unapumako. Unapumako, bambo a Jordan. Ndinalowa kuchipinda n'kudzifunditsa bulangeti, foni ya mwana wanga ikulira pambali panga."

Jordan anali ataima pafupi ndi geti, manja ali lende. Mayi ake anapita n'kuima patsogolo pake, mutu wawo ukulekeza pachifuwa chake. Mnyamatayo sanawakumbatire, sanawakankhenso. Anangowalanda chikwama cha m'manja chija n'kuwanyamulira.

Mayi Kanyerere anatembenukira kwa Consolata.

"Nditatsitsa galasi ndinaona dzanja lake likugwedezeka. Ndiuzeni zoona, mayi. Ndikanamunyamula pomwepo?"

Consolata anali atayankhula ndi dokotala masana amenewo. Akanatha kunena kuti sakudziwa.

"Anataya magazi ambiri akudikira pamsewu. Magalimoto angapo anadutsa osaima. Adokotala ati akanafika msanga, mwina bwenzi ali moyo."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati yankholo ankalidziwa kale. Anayenda okha kupita ku galimoto ya polisi, Jordan ali pambuyo pawo.

"Jordan," anaitana a Kanyerere. "Mwana wanga, tamvera."

Jordan sanacheuke.

"Nanunso tiyeni, bwana," anatero Jobu. "Pali zoti mukafotokoze za chitsulo ichi."

M'galajamo munatsala Consolata ndi Levison, amene anali chikhalire pansi, buluku litanyowa.

"A Levison, nanu mlandu wonama muli nawo. Koma lero pitani kwanu. Mawa m'mawa mubwere kupolisi nokha."

Levison anadzuka mogwira khoma. Anavala chipewa, n'kuchivulanso.

"Kwathu kuli maliro, bwana. Pofika pano mkazi wanga ali kusiwa, amuna anzanga akudula nkhuni. Andifunsa kuti tsiku lonseli ndinali kuti." Anayang'ana kugeti. "Ndikawauza kuti chiyani?"

Levison anadikira pang'ono, kenako anatuluka pageti n'kulowa mumsewu, momwe alonda ndi antchito a m'nyumba anali atayamba kale kubwerera kwawo wapansi.